Chidindo cha Wansembe

Mu mzinda wa Roma, pafupi ndi mtsinje wa Tiber, muli kamsewu kotchedwa Via Tomacelli. Pa zaka zimene akuluakulu anga adanditumiza kumeneko kukapitiriza maphunziro ndinkadutsamo kawirikawiri, osaganizira kanthu, chifukwa ku Roma nyumba zakale ndi zambiri ndipo maso a munthu amafika potopa nazo. Chakumapeto kwa msewuwo kuli tchalitchi cha San Girolamo pamodzi ndi nyumba ya ansembe a ku Croatia. Tsiku lina madzulo ndikuyenda ndi wansembe mnzanga wochokera ku Bolivia, iye adaima mwadzidzidzi, nandigwira pa mkono, nati: "Bambo, m'nyumba iyi ndimo munkakhala wansembe amene adatitumizira Klaus Barbie kwathu." Atatero adangopitiriza ulendo ngati sadanene kanthu.

Dzinalo ndinali nditalimvapo, koma za wansembeyo ndinali ndisanamve ndi kamodzi komwe, ngakhale ndinali nditaphunzira mbiri ya Eklezia zaka zingapo ku seminale. Ndidayamba kufufuza, ndipo zimene ndidapeza zidandisowetsa tulo. Ansembe amene akukhala m'nyumbayo lero alibe mlandu uliwonse pa zimenezi, ndinene msanga. Koma nkhaniyi ndi yathu ife a m'banja la Eklezia, ndipo ndaganiza kuti ndi bwino muimve kuchokera kwa wansembe, osati kwa anthu otinyoza okha.

Klaus Barbie adabadwa m'chaka cha 1913 ku Germany, m'banja lachikatolika, nakulira mu mzinda wa Trier. Ali mnyamata adalowa gulu la SS, asilikali apadera a chipani cha Nazi cha Adolf Hitler. M'mwezi wa November 1942, pakati pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, adamuika kukhala mkulu wa apolisi achinsinsi otchedwa Gestapo mu mzinda wa Lyon ku France. Anali ndi zaka 29 zokha. Ntchito yake inali kusaka Ayuda ndi anthu onse amene ankalimbana mobisa ndi ulamuliro wa Ajeremani. Mboni zambiri zimene zidapulumuka zidafotokoza kuti iyeyu sankangolamula anyamata ake, koma ankazunza anthu ndi manja ake: kuwamenya, kuwamiza mitu m'madzi ozizira, kuwapachika ndi unyolo mpaka aulule maina a anzawo. Jean Moulin, mtsogoleri wamkulu wa omenyera ufulu a ku France, adagwa m'manja mwake mu June 1943, ndipo patangopita masabata ochepa adamwalira ndi mabala ake osaulula dzina ndi limodzi lomwe.

Koma chimene chimandiwawa koposa ndi cha ku Izieu. Uwu ndi mudzi waung'ono wa kumapiri, kum'mawa kwa Lyon, kumene mayi wina dzina lake Sabine Zlatin ndi mwamuna wake Miron adatsegula nyumba yosungiramo ana achiyuda amene makolo awo anali atagwidwa kale kapena anali kubisala. M'mawa wa pa 6 April 1944, anawo akudya chakudya cham'mawa, magalimoto adafika. Ana 44, wamng'ono wa zaka 4 ndi wamkulu wa zaka 17, adaponyedwa m'malole pamodzi ndi akuluakulu 7 amene ankawasamalira. Usiku womwewo Barbie adatumiza lamya kwa akuluakulu ake ku Paris yonena kuti nyumbayo yathetsedwa. Ana 42 adaphedwa ndi mpweya wa poizoni ku Auschwitz. Anyamata awiri okulirapo pamodzi ndi Miron Zlatin adawomberedwa ku Estonia. Mwa onse amene adatengedwa tsikulo, adabwerako ndi mayi mmodzi yekha, Léa Feldblum. Nditayang'ana pa kalendala ya chaka chimenecho ndidapeza kuti Pasaka inali pa 9 April. Ndiye kuti ana aja adagwidwa pa Lachinayi Loyera.

Nkhondo itatha mu 1945, munthu wamba akadayembekeza kuti Barbie aimirira pa bwalo la milandu. Dzina lake linalipo pa mndandanda wa anthu ofunidwa. Komabe mu April 1947 bungwe la ukazitape la asilikali a United States, lotchedwa Counter Intelligence Corps kapena CIC, lidamulemba ntchito. Lidampatsa nyumba, ndalama ndi chitetezo, ndipo iye ankayendetsa kagulu ka akazitape kum'mwera kwa Germany, makamaka mu mzinda wa Augsburg, kumazonda chipani cha chikomyunizimu ndi anthu okondera Soviet Union. Maganizo a omulembawo anali osavuta kuwatsata. Nkhondo yolimbana ndi Hitler inali itatha, ndipo mkangano watsopano ndi Moscow unali utayamba. Anyamata a ku America amene adatumizidwa ku Germany sankadziwa bwino chinenero, sankadziwa anthu, sankadziwanso m'mene achikomyunizimu amayendetsera zinthu zawo mobisa. Barbie zonsezi ankazidziwa, popeza anali atatha zaka akuwasaka anthu omwewo. Luso limene adalinola pa matupi a anthu ku Lyon ndilo lidasanduka katundu wake wa malonda.

Apa pali msampha umene owerenga ayenera kuumvetsa, chifukwa ndiwo umafotokoza nkhani zambiri za mtundu umenewu. Bungwe la ukazitape likalemba ntchito munthu wa mlandu, poyamba bungwelo ndilo limagwira chingwe: munthuyo amamvera chifukwa akuopa kuperekedwa. Koma pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, munthu uja amakhala atadziwa maina a akazitape ena, nyumba zawo zobisika ndi njira zawo zonse, ndipo tsopano chingwe chija chimakhala m'manja mwake. Boma la France litayamba kumufuna mwamphamvu mu 1949 ndi 1950, a CIC adaopa zinthu ziwiri: manyazi oti dziko lidziwe amene akhala akumudyetsa, ndiponso kuti zinsinsi zawo zikafika kwa achikomyunizimu kudzera mwa apolisi a ku France. Motero akuluakulu a ku France adauzidwa kuti munthuyo sakudziwika kumene ali, pamene iye anali akulandirabe malipiro. Pomaliza adaganiza zomuchotsa ku Europe konse.

Mpamene wansembe uja akulowera m'nkhani. Bambo Krunoslav Draganović anali wansembe wophunzira kwambiri wa ku Croatia, amene pa nthawi ya nkhondo anali wogwirizana ndi boma la Ustaše, chipani chankhanza chimene chidapha Aserbia, Ayuda ndi Aromani ochuluka zedi. Adafika ku Roma mu 1943, ndipo nkhondo itatha adasandutsa San Girolamo likulu lothandizira anthu a dziko lake othawa boma la Tito. Ena anali othawa nkhondo enieni, anthu osalakwa. Ena anali akuluakulu a Ustaše amene manja awo anali ofiira. Iye ankadziwa kopeza chitupa cha Red Cross, kopeza chilolezo cholowera m'maiko a ku South America, ndiponso malo m'sitima. Chitupa cha Red Cross chija chidakonzedwa pofuna kuthandiza anthu miyandamiyanda amene nkhondo idawasiya opanda dziko ndi mapepala, ndipo kawirikawiri chinkaperekedwa pongodalira umboni wa munthu wodalirika, monga wansembe, wonena kuti wopemphayo ndi uje ndi uje. Azondi a ku America ankaidziwa njira imeneyi, ndipo ankamulipira Draganović kuti awadutsire anthu awo. Mu March 1951 adampereka Barbie m'manja mwake pa doko la Genoa, pamodzi ndi mkazi wake ndi ana awiri. Mapepala adatuluka m'dzina la Klaus Altmann. Dzina la Altmann linali la mphunzitsi wamkulu wa Ayuda a ku Trier, kwawo kwa Barbie, amene adafera ku Auschwitz mu 1944. Banjalo lidakwera sitima kupita ku Buenos Aires, kenaka pa njanji mpaka ku La Paz. Mabwalo a ku France adamugamula kuti aphedwe mu 1952 ndiponso mu 1954, koma pa mpando wa woimbidwa mlandu panalibe munthu.

Sanali yekha. Episkopi Alois Hudal, mkulu wa nyumba ya Santa Maria dell'Anima ku Roma komweko, adathandiza Franz Stangl, amene adalamulira msasa wophera anthu wa Treblinka, kuthawira ku Syria; kuchokera uko adapita ku Brazil kumene adagwidwa mu 1967. Walter Rauff, amene adayang'anira ntchito yokonza magalimoto ophera anthu ndi utsi, adafika ku Chile, ndipo kuyambira mu 1958 adakhala zaka zingapo akulipidwa ndi bungwe la ukazitape la West Germany lotchedwa BND. Adamwalira ali mfulu ku Santiago mu 1984. Hudal adachotsedwa pa udindo wake mu 1952, koma mpaka imfa yake sadaonetse chisoni pa zimene adachita.

Ndakhala ndikudzifunsa kuti ansembe amenewa ankaganiza chiyani pogona usiku. Sindifuna kuwasandutsa mizukwa, chifukwa kutero ndi njira yapafupi yodzitsukira ife eni. Mantha awo pa chikomyunizimu sanali maloto. Arkiepiskopi Stepinac wa ku Zagreb adaponyedwa m'ndende mu 1946, Kadinala Mindszenty wa ku Hungary adamangidwa mu 1948, ndipo ansembe ambiri kum'mawa kwa Europe adaphedwa. Munthu amene waona zotere angathe kuyamba kugawa anthu onse m'magulu awiri okha, otsutsa mdani wathu ndi ogwirizana naye, osafunsanso kuti wotsutsayo adachita chiyani dzulo. Chodabwitsa ndi chakuti pamenepa wansembe ndi kazitape adagwirizana, ngakhale zinenero zawo zinali zosiyana. Kazitape ankati munthuyu ndi wothandiza. Wansembe ankati ndi mwana wa Mulungu wofunika chifundo. Koma popeza chifundocho chinkagwera kwambiri iwo amene ankaoneka othandiza pa nkhondo yatsopanoyo, ndikuopa kuti wansembe uja ankanena zomwezo za kazitape, kungoti adaziveka mkanjo.

Chimene chimapangitsa nkhaniyi kukhala yovuta ndi chakuti kubisa anthu ndi kuwapezera mapepala abodza idalinso ntchito ya anthu oyera mtima. Ku Lyon komweko, mu August 1942, Bambo Pierre Chaillet wa chipani cha Ayezuiti, Bambo Alexandre Glasberg ndi anzawo achiprotestanti ndi achiyuda adatulutsa ana oposa 100 mu msasa wa Vénissieux usiku umodzi, nawamwaza m'mabanja ndi m'nyumba za masisitere. Akuluakulu a boma atawafuna anawo, Kadinala Gerlier adakana kuwapereka, ndipo Bambo Chaillet adatsekeredwa miyezi ingapo chifukwa cha zimenezi. Chidindo chake ndi chimodzimodzi, khomo la kuseri ndi lomwelo, bodza louza wapolisi ndi lofanana. Kusiyana kwake kuli pa funso limodzi: amene ndikumubisayu akuthawa chiyani? Ana aja ankathawa wakupha. Barbie ankathawa amayi a ana.

Ndikukumbukira mphunzitsi wathu wina wokalamba ku seminale, amene ankatiphunzitsa za sakramenti la kulapa. Ankakonda chitsanzo cha mbuzi. Ankati munthu akabwera kudzalapa kuti adaba mbuzi ya mnzake, iwe wansembe uli ndi udindo wosunga chinsinsi chake mpaka imfa, ndipo palibe mfumu kapena wapolisi angakutsegule pakamwa. Koma uli ndi udindo winanso womufunsa kumene kuli mbuziyo, pakuti sungamasule munthu amene akufuna chikhululukiro cha Mulungu pamodzi ndi ndiwo za mbuzi yakuba. Ankatikumbutsa za Zakeyo, amene chimwemwe chake cholandira Ambuye chidaoneka m'thumba mwake. Ifetu tinkaseka, chifukwa nkhalambayo inkaibwereza nkhani ya mbuziyi pafupifupi sabata iliyonse. Nditawerenga za Draganović ndidasiya kuseka. Barbie sadabwere kwa iye kudzalapa. Adabwera ndi amene adamulipirira ulendo. Ndipo wansembe alibe mphamvu yokhululukira munthu m'malo mwa mayi amene sadafunsidwe nkomwe.

Ku Bolivia bambo Altmann adayamba ndi ntchito yocheka matabwa ku nkhalango, nalandira unzika mu 1957, kenaka adalemera ndi malonda a makungwa opangira kwinini ndiponso a zida za nkhondo. Adatsogolera kampani ya sitima za pa nyanja yotchedwa Transmarítima Boliviana, m'dziko lopanda doko ndi limodzi lomwe. Mu 1966 bungwe la BND nalonso lidamulemba ntchito kwa miyezi ingapo pansi pa dzina lobisika la Adler. Zimenezi zidadziwika poyera mu 2011 mafaelo atatsegulidwa. Koma ntchito yake yeniyeni inali yakale ija. Maboma a asilikali amene ankalandana mpando ku La Paz ankafuna munthu wodziwa kufunsa akaidi mafunso ndi kusunga mndandanda wa adani, ndipo iye adakhala mlangizi wawo wokondedwa.

Akuluakulu athu adati mlandu suola. Serge Klarsfeld ndi mkazi wake Beate, amene adapereka moyo wawo pa ntchito yosaka akuluakulu a Nazi obisala, adatsimikiza kuti Altmann ndi Barbie. Mu 1972 Beate adapita ku La Paz pamodzi ndi mayi wina wokalamba, Ita-Rosa Halaunbrenner. Mayiyu mwamuna wake adaphedwa ndi a Gestapo a ku Lyon, mwana wake wamwamuna adatengedwa osabwerako, ndipo ana ake aakazi awiri, Mina ndi Claudine, anali m'gulu la ana a ku Izieu. Amayi awiriwo adadzimangirira ndi unyolo ku benchi pafupi ndi ofesi ya Transmarítima, atanyamula zikwangwani. La Paz ili pamwamba pa mapiri pamene ngakhale mnyamata amapuma movutikira. Ndimamuona m'maganizo mwanga mayi ameneyu atakhala pa benchipo, anthu akudutsa. Boma la Hugo Banzer lidakana kumupereka munthu wake.

Chimene mnzanga wa ku Bolivia ankatanthauza ndi mawu aja akuti "adatitumizira" ndidachimvetsa nditafika pa chaka cha 1980. Ku La Paz kunali wansembe wa Ayezuiti wochokera ku Spain, Bambo Luis Espinal, mtolankhani amene ankalemba mopanda mantha za nkhanza za asilikali ndi za umphawi wa anthu a m'migodi. Usiku wa pa 21 March 1980 adagwidwa ndi zigawenga zogwirizana ndi asilikali, nazunzidwa usiku wonse, ndipo mtembo wake udapezeka m'mawa kunja kwa mzinda. Patangopita masiku awiri Arkiepiskopi Óscar Romero adawomberedwa ku El Salvador, motero dziko lidamva zambiri za Romero kuposa za Espinal. Pa 17 July chaka chomwecho, Luis García Meza ndi Luis Arce Gómez adalanda boma mothandizidwa ndi ogulitsa mankhwala ozunguza bongo, ndipo Barbie adathandiza kusonkhanitsa ndi kulangiza magulu a zigawenga amene adagwira ntchito yonyansa ya masiku amenewo. Sindikunena kuti dzanja la Barbie ndilo lidapha Bambo Espinal. Ndikunena kuti wansembe mmodzi adasaina pepala ku Italy mu 1951 poganiza kuti akuteteza Eklezia kwa adani ake, ndipo patapita zaka 29 wansembe wina adafa m'manja mwa anthu a msasa umene mlendo uja ankatumikira. Papa Fransisko atapita ku Bolivia mu 2015 adaimitsa galimoto pafupi ndi pamene mtembowo udapezeka, napemphera.

Ulamuliro wa anthu wamba utabwerera ku Bolivia mu 1982, chitetezo cha Barbie chidatha. Mu February 1983 adamukweza ndege, ndipo usiku wake woyamba ku Lyon adagona m'ndende ya Montluc, momwe iye ankatsekeramo anthu zaka 40 zapitazo. Chaka chomwecho boma la United States lidalamula Allan Ryan kuti afufuze, ndipo lipoti lake litatsimikiza zonse, bomalo lidapepesa kwa France. Mlandu udayamba pa 11 May 1987. Barbie adati iye ndi Altmann, nzika ya Bolivia yobedwa, ndipo masiku ambiri adakana kubwera m'bwalo kudzamva mboni. Mayi Halaunbrenner, atakalamba kwambiri, adaperekera umboni kwa mpando wopanda munthu. Lamya ija ya pa Lachinayi Loyera idaonetsedwa kwa oweruza.

Pa mlanduwo padachitika chinthu chimene chimatikhudza ife a mu Africa. Loya wa Barbie, Jacques Vergès, adabweretsa anzake awiri, Jean-Martin Mbemba wa ku Congo ndi Nabil Bouaita wa ku Algeria, ndipo adafunsa kuti France ali ndi ufulu wanji woweruza, pamene iye mwini adazunza anthu ku Algeria ndi kupha anthu akuda ambirimbiri pa thangata yomanga njanji ya Congo-Océan. Zimene ankanena za atsamunda zinali zoona, ndipo mtima wanga unkavomereza powerenga. Koma ndidaona kuti nawonso adagwa m'dzenje lomwe lija: adamupeza Barbie wothandiza pa mlandu wawo. Magazi a agogo athu ali ndi mlandu wake wofunika bwalo lakelake. Sadakhetsedwe kuti adzakhale sopo wosambitsira munthu wa ku Izieu. Pa 4 July 1987 bwalo lidamugamula kukhala m'ndende moyo wake wonse, popeza France anali atathetsa chilango cha imfa mu 1981. Adamwalira mu 1991 osapepesa. Bambo Draganović anali atabwerera ku Yugoslavia mu 1967, nakhala mwa mtendere ku Sarajevo pansi pa boma lachikomyunizimu lomwe lija mpaka imfa yake mu 1983.

Pali mtsogoleri mmodzi wa Eklezia amene ndimamuyamika pa zonsezi. Mu 1989 kudagwidwa Paul Touvier, Mfalansa amene ankagwira ntchito ndi Ajeremani ku Lyon ndipo adaphetsa Ayuda 7 mu June 1944. Zidadziwika kuti kwa zaka zoposa 40 ankabisidwa ndi ansembe ndi amonke ena. Kadinala Albert Decourtray wa ku Lyon sadakane, sadadandaule kuti Eklezia akunamiziridwa. Adaitana akatswiri a mbiri yakale motsogozedwa ndi René Rémond, nawatsegulira mabokosi a makalata a dayosizi, ndipo lipoti lawo lidasindikizidwa mu 1992 ndi maina a ansembe momwemo. Ankadziwa kuti wobisa matenda maliro amamuulula.

Ine sindidakumanepo ndi mkulu wa Gestapo, ndipo sindiyembekeza kutero. Koma m'kabati ya ofesi yanga muli chidindo cha parishi. Chaka changa choyamba nditabwerako ku maphunziro, bambo wina wodziwika adabwera kudzapempha kalata yomuchitira umboni kuti ndi mkhristu wa makhalidwe abwino, yoti akaonetse kumene ankafuna udindo. Ndinali nditamva, osati kwa munthu mmodzi, kuti mchimwene wake atamwalira iye adalanda munda wa mlamu wake wamasiye. Ndinkadziwanso kuti matumba a simenti omangira tchalitchi chathu chatsopano ambiri adachokera kwa iye, ndipo denga linali lisanakhomedwe. Ndidadziuza kuti sindine woweruza, kuti za minda ndi za mafumu, kuti aliyense ayenera kupatsidwa mwayi wina. Ndidalemba kalatayo, ndidadinda, ndipo dzanja silidanjenjemere konse. Za Via Tomacelli ndidazikumbukira usiku, nditazimitsa kale nyale.

Patapita masabata awiri ndidapalasa njinga kupita kwa mayi wamasiye uja. Adandiyalira mphasa pa khonde, iwo nakhala pansi chapatali. Ndidawafotokozera zimene ndidachita. Adakhala chete nthawi yaitali, kenaka adati: "Tidamva, Bambo. Iwowo adationetsa kalatayo." Tidapita limodzi kwa amfumu, ndipo bambo uja ndidalankhula naye kawiri, simenti idasiya kubwera. Nkhani ya mundawo ikadali kwa amfumu mpaka lero, ndipo dzinja lino mayiwo alima pa kamunda kobwereka kwa achemwali awo.